Ukakwera Khoma la Eni ku Joni, Chingwe Chako Wachimanga Pati?

Ndakhala ndikuika ndi kukonza makina oziziritsa m'nyumba, amene ife pantchito timangowatchula kuti aircon, kwa zaka zoposa khumi muno mu Johannesburg, ndipo tsiku limene limandibwerera m'maganizo kawirikawiri ndi limene palibe amene anafa kapena kuthyoka fupa. Tinali ku Berea, panyumba ina yakale yosanjikizana, m'chipinda cha pansanjika yachinayi, ndipo tinapitira kukachotsa makina akunja amene anali atafa kuti tiikepo atsopano. Ndinali ndi mwana wa mlongo wanga, mnyamata wamphamvu zake amene anali atangokhala kuno miyezi itatu chichokere kwathu ku Mulanje, kumene anakulira m'mitengo ya mapeyala ndi ya mango. Harness, malamba ovala m'thupi amene amagwira munthu akagwa, anali ataivala bwino lomwe, malamba a m'ntchafu atawakoka monga ndinamuphunzitsira, chipewa cholimba chili kumutu. Ndinatembenuka pang'ono kuti nditenge sipanala m'chikwama, ndipo pocheuka ndinaona mwendo umodzi uli kale kunja kwa zenera, ngowe ya chingwe chake ataikola pabulaketi yomwe inanyamula makina akalewo.

Ndinamuuza motsitsa mawu, chifukwa munthu amene ali pamalo otero samukuwira, kuti abweze mwendowo mkati ndi kumasula ngoweyo. Anamvera, koma nkhope yake inaonetsa kuti sanakhutire. "Amalume," anatero, "chitsulochi n'cholimba, taonani chanyamula makinawa zaka zonsezi osagwa." Sindinakangane naye. Tinakulunga lamba wathu wamphamvu pamzati wa konkire umene unali mkati mwa chipindacho, tinamangirira mnyamatayo pamenepo, ndipo makinawo tinawamanga ndi chingwe chawochawo n'kuwakokera mkati. Kenaka ndinamuuza kuti agwire bulaketi ija ndi dzanja limodzi aigwedeze. Bawuti yam'mwamba inazuka pamodzi ndi chibenthu cha pulasitala, ndipo chitsulo chonsecho chinapendekeka n'kutsala chikulendewera pabawuti imodzi. Ndinaika bawuti yozukayo m'dzanja mwake. Kumutu inali yonenepa ngati chala cha mkombaphala, koma pakati pake, pamene madzi a mvula ankadikha m'kabowo chaka ndi chaka, dzimbiri linali litaidya mpaka kutsala ngati msomali wokhomera bokosi, ndipo atangoifinya fumbi lofiira linatsalira m'zala. Mnyamatayo anakhala pansi, ndipo panapita nthawi asanayankhulenso.

Maganizo ake sanali opusa, ndipo ndawamva kwa amisiri akuluakulu ondiposa zaka. Chimene chimasocheretsa n'chakuti katundu wongokhala phee ndi munthu amene akugwa sizilemera mofanana. Makina akunja a aircon ya chipinda chimodzi amalemera makilogalamu 30 kapena kuposerapo pang'ono, ndipo bulaketi yodyeka ikhoza kuwapirira zaka zambiri chifukwa sagwedezeka. Koma munthu wa makilogalamu 70 akagwa n'kukakokedwa mwadzidzidzi ndi chingwe, mphamvu imene imafika pamalo omangirirapo imaposa kulemera kwake kangapo konse. Zingwe zabwino zimakhala ndi kathumba kosokedwa mwapadera kamene kamang'ambuka pang'onopang'ono kuti kachepetse kugwedezekako, ndipo zimapangidwa kuti mphamvu yofika pathupi isapitirire 6 kN, yomwe ili ngati kulemera kwa makilogalamu 600. N'chifukwa chake malo omangirirapo munthu amafunika kupirira pafupifupi kuwirikiza kawiri pamenepo. Paipi ya madzi, zitsulo zotchingira akuba za pazenera zomwe anangozikhomera ndi tizikuluwu tinayi, mlongoti wa dishi ya wailesi yakanema, ngalande ya madzi ya m'mphepete mwa denga, zonsezi ndaonapo anthu atakolapo ngowe, ndipo palibe n'chimodzi chomwe chimene chingagwire munthu. Harness yomangidwa pamalo otero imangomulimbitsa mtima munthu kuti atulukire kutali kumene sakanafika akanakhala alibe chilichonse.

Ndipo pogwa sapatsidwa nthawi yoganiza. Munthu wochokera pamtunda wa mamita 10 amafika pansi sekondi imodzi ndi theka isanakwane, ali paliwiro la makilomita pafupifupi 50 pa ola. Kukwera mitengo kwa kumudzi sikuthandiza pamenepa, chifukwa mumtengo muli nthambi zoti n'kugwira, pamene khoma la njerwa ndi losalala kuyambira pamwamba mpaka pamsewu.

Komabe ndinganame nditanena kuti ntchito yathu yambiri ili pa nyumba zitalizitali za ku Hillbrow, ku Braamfontein kapena ku Sandton. Kumalo akuluakulu ngati amenewo nthawi zambiri kumakhala oyang'anira nyumba amene salola munthu kukwera asanaonetse mapepala a chitetezo. Ntchito imene imatidyetsa tsiku ndi tsiku ili m'nyumba za anthu ku Randburg, ku Roodepoort, ku Mayfair, ku Rosettenville, pakhoma la mamita atatu kapena asanu, ndipo kumeneko n'kumene ndimaopa kwambiri, chifukwa palibe amene amakuona ngati kumwamba. Pali chinthu china chimene ambiri sachidziwa: chingwe cha mamita awiri chokhala ndi kathumba kaja chimafuna malo opanda kanthu okwana mamita 6 kapena kuposa pansi pa pamene wachimanga, chifukwa kathumbako kakang'ambuka chingwe chimatalika, ndipo uwonjezerepo msinkhu wa munthuyo. Padenga la nyumba yopanda nsanjika, munthu wovala zonsezi amafika pansi chingwe chisanakungike n'komwe. Pamalo otero chofunika ndi chingwe chachifupi chimene chimakuletseratu kufika m'mphepete, kuti kugwako kusayambe.

Za makwerero ndinganene zambiri, popeza ndiwo khasu lathu. Amaimikidwa motsamira bwino, phazi lake litatalikira khoma mita imodzi pa mamita anayi alionse okwera, ndipo ngati ukukwerera padenga ayenera kupitirira m'mphepete mwa dengalo ndi pafupifupi mita imodzi kuti ukhale ndi pogwira potsika. Pamwamba amangidwe, ndipo pansi pakhale munthu wowagwira amene maso ake ali pa iwe, osati pafoni. Mabwalo a nyumba za kuno ali ndi misampha yawoyawo: njerwa zoyala pansi zimene zimatsetserekera kungalande, matailosi onyowa a m'mbali mwa dziwe losambiramo, kanjira kopapatiza pakati pa nyumba ndi mpanda kamene kamakukakamiza kuimika makwerero chilili, ndiponso mawaya a magetsi a pamwamba pa mpanda amene ali pafupifupi pakhomo lililonse. Wayayo sanaikidwe kuti aphe munthu, koma akakukhudza pachigongono uli pamwamba, thupi limadzidzimuka lokha ndipo manja amataya chimene agwira. Ine sindikwera ndisanaone ndi maso anga mwini nyumba atazimitsa mpandawo ndi kutsekera agalu.

Chimene chimandiwawa mtima kuposa zonse ndi chizolowezi chosenza makina paphewa n'kumakwera nawo makwerero. Ndimachiona sabata iliyonse ndikamadutsa m'misewu, ndipo nthawi zambiri wosenzayo amakhala mnyamata wakwathu kapena wa ku Zimbabwe kapena wa ku Mozambique, bwana ali pansi atagwira m'chiuno. Makina akuluakulu a m'chipinda chochezera amafika makilogalamu 50, ndipo kulemera kwake sikuli pakati, kuli mbali imene kuli compressor, injini yopopa gasi, kotero kuti ukangowasuntha pang'ono amapendekera kumeneko n'kukukoka. Munthu pamakwerero ayenera kukhala atagwira ndi manja awiri ndi phazi limodzi, kapena mapazi awiri ndi dzanja limodzi, nthawi zonse, ndipo wosenza katundu wotere sangathe. Makina amakwezedwa ndi chingwe chodutsa pagudumu lomangidwa pamalo olimba, kapena amaikidwa munthu ataima pansanja yachitsulo yokhala ndi zotchinga m'mbali, kapena amabwereka galimoto ya dengu lonyamula anthu ija. Zonsezi zimadya ndalama ndi nthawi, ndipo ndalamazo ziyenera kulembedwa pamtengo wa ntchito kuyambira pachiyambi.

Nyengo ya mzinda uno nayo iyenera kulowa m'ndondomeko ya ntchito. Johannesburg ili pamtunda wa mamita oposa 1,700 kuchokera pamene pali nyanja yamchere, ndipo kuyambira mu Okutobala mpaka mu Malichi, nthawi yomwe makasitomala amatiimbira kwambiri chifukwa cha kutentha, mitambo imasonkhana masana n'kugwetsa mvula ya ziphaliwali, nthawi zina ndi matalala, mosachenjeza. Kumwamba kumatha kukhala koyera pa 1 koloko, ikamakwana 3 koloko mphepo ikugwedeza makwerero. N'chifukwa chake m'miyezi imeneyi ntchito yakunja ndimaiyamba m'mamawa, ya mkati n'kuisiyira madzulo, ndipo bingu likangomveka, ngakhale chapatali, timatsika, pakuti munthu woima padenga lamalata atagwira paipi ya kopa sayenera kudikira dontho loyamba. M'nyengo yozizira zinthu zimatembenuka: mu Juni ndi Julaye malata amadzuka ali ndi chisanu kapena mame, oterera ngati mwala wa mumtsinje, ndipo n'kwabwino kudikira dzuwa liwaumitse. Madenga akale a m'mafakitale ndi m'magalaja nawo ali ndi ngozi yawo, chifukwa malata a asibesitosi ndi malata oonekera aja olowetsa kuwala amathyoka munthu akapondapo, ndipo fumbi likawakuta sungawasiyanitse ndi anzake. Pamenepo timayenda pamatabwa oyalidwa modutsa mitanda ya denga.

Anthu ambiri amene amagwa sagwa chifukwa choterereka chabe, amagwa chifukwa china chake chawadzidzimutsa, ndipo m'makina athuwa zodzidzimutsa zilimo zingapo. Choyamba ndi magetsi. Kuzimazima kwa magetsi kwa Eskom, kampani ya magetsi ya dziko lino, kunatiphunzitsa chizolowezi choipa choganiza kuti poti dera lonse lazima ndiye kuti waya alibe moto, chikhalirecho magetsi amabwerera nthawi ina iliyonse, ndipo masiku ano nyumba zambiri zili ndi sola, mabatire kapena jenereta zimene zimapitiriza kudyetsa mawaya ngakhale msewu wonse uli mumdima. Swichi ya makinawo izimitsidwe, ikhomedwe loko, kiyi akhale m'thumba mwa amene wakwerayo, ndipo waya ayezedwe ndi mita yoyezera magetsi asanakhudzidwe. Ngakhale zitatero, kachipangizo ka mkati kotchedwa capacitor kamasunga mphamvu ya magetsi kwa kanthawi makina atazimitsidwa. Chachiwiri ndi gasi. Gasi yoziziritsira yotchedwa R410A imakhala yopanikizika kwambiri m'mapaipi, ndipo nati ikamasulidwa mosasamala gasiyo imatuluka ndi mkokomo n'kuwotcha khungu ndi kuzizira kwake. Munthu amabweza dzanja ndi thupi lonse asanaganize kuti kumbuyo kwake kulibe poponda. Gasi ina yotchedwa R32, imene ikubwera m'makina ambiri atsopano, imatha kuyaka ikakumana ndi moto, choncho wowotcherera mapaipi ayenera kudziwa chimene chili mkati. Lamulo la dziko lino limafuna kuti wogwira gasi wa m'makinawa akhale wophunzitsidwa ndi wolembetsedwa ku SAQCC Gas, bungwe lolembetsa amisiri ogwira gasi, ndipo ndimalimbikitsa achinyamata athu amene mapepala awo ali bwino kuti asaone maphunziro amenewa ngati kutaya ndalama.

Zonse ndanenazi n'zosavuta kuphunzira, ndipo sindikhulupirira kuti abale athu amavulala chifukwa cha umbuli wokha. Gwero lake lili kwina. Agogo athu ankabwera kuno pa Wenela n'kumatsikira m'migodi ya golide, ife tikukwera makoma, koma mtima wa mlendo woopa kutaya ntchito ndi womwewo. Mnyamata amene watengedwa m'mawa pageti la sitolo ya zipangizo zomangira, atadikira masiku atatu osapeza ganyu, kunyumba lendi ikumudikira ndipo kumudzi akufunsa za feteleza, bwana akamuuza kuti atulukire pazenera sanena kuti akuopa. Amadziwa kuti akakana, mawa bakkie, galimoto ya bwanayo yonyamulira katundu, idzaima n'kutenga wina. Tinaleredwanso mwaulemu, kuti wamkulu sayankhidwa, ndipo mbiri yoti Amalawi ndi anthu omvera ndi olimbikira ntchito, imene imatitsegulira makomo ambiri mumzinda uno, ndi yomweyonso imene ena amaidyera masuku pamutu. Akuluakulu anati mbewa ya manyazi inafera kuuna, ndipo mwambi umenewu ndimaukumbukira nthawi iliyonse uthenga ukafika pagulu lathu la WhatsApp kuti tisonkhe ndalama zotumizira thupi kumudzi. Amene anaperekezapo maliro pamsewu wautali uja, kudzera pa Beitbridge, pa Nyamapanda, kuwoloka Zambezi pa Tete mpaka kukalowa pa Mwanza, amadziwa kuti palibe ganyu wa tsiku limodzi amene angalipire ulendo umenewo, osanenanso za ana otsala.

Chikhalirecho lamulo la dziko lino lili kumbali ya wokwerayo kuposa mmene ambiri timaganizira. Occupational Health and Safety Act, lamulo nambala 85 la 1993, limaika udindo pa wolemba ntchito kuti malo ogwirira ntchito akhale otetezeka, ndipo gawo 23 la lamulolo limaletsa kudula malipiro a wantchito pofuna kubweza ndalama za zipangizo zachitetezo zimene bwana ayenera kupereka. Construction Regulations za 2014, zomwe ndi malamulo a ntchito zomangamanga, zimafuna kuti pamene pali chiopsezo cha kugwa pakhale ndondomeko yolembedwa yoteteza anthu, yonena za zoopsa za pamalopo, za maphunziro a okwerawo, za kuyezedwa kwawo kuchipatala, za kuyendera zipangizo, ndiponso za mmene munthu angapulumutsidwire akagwa. Palinso lamulo la chipukuta misozi, nambala 130 la 1993, limene ambiri amalitchula kuti COIDA, lomwe limafuna kuti wolemba ntchito alembetse ku Compensation Fund, thumba la boma lolipira ovulala pantchito, ndi kupereka lipoti la ngozi pasanathe masiku 7. Kufunsa bwana watsopano ngati analembetsa kumeneko si mwano. Ndikudziwa kuti kwa munthu amene mapepala ake sali bwino mawu ngati amenewa amalemera pakamwa, ndipo sindikufuna kupeputsa mantha ake. Koma ndaona kuti kukana kumene kumamveka n'kumene kumabwera ndi njira ina. Mmalo mongoti sindikwera, munthu anene kuti, "Bwana, apa palibe pomanga chingwe, tiyeni tibwereke nsanja, kapena makinawa tiwaike pansi apo." Mabwana ambiri, ngakhale ouma mtima, safuna apolisi ndi oyendera ntchito a boma pakhomo pa kasitomala wawo.

Mawu akuti tiwaike pansi apo ndi amene ndafika powakhulupirira kwambiri pantchito yonseyi. Makasitomala amakonda kuti makina akunja abisike, akhale pamwamba kuseri kwa nyumba kumene alendo sangawaone ndiponso akuba kopa sangawafikire, ndipo nkhawa ya akubayo ndi yoona. Koma aircon si chinthu choika kamodzi n'kuiwala. Imafuna kutsukidwa, kuyezedwa gasi, kusinthidwa fani kapena capacitor, ndipo tsiku lina idzafa n'kufuna kuchotsedwa. Amene akusankha malo lero akusankhira munthu wina amene sadzamuona, yemwe adzakwere pamenepo zaka zisanu kapena khumi zikubwerazi, mwina ali yekha, mabawuti atadyeka. Amene anakhoma bulaketi ya ku Berea ija sindimudziwa, koma analowetsa mabawuti osatetezedwa ku dzimbiri m'pulasitala ndi m'mphepete mwa njerwa mmalo mowafikitsa pakatikati pa khoma lolimba, ndipo anatsala pang'ono kupha mwana wa mlongo wanga. Choncho ndikafika pakhomo ndimayamba ndayang'ana pansi: kakonkire kakang'ono kokhala ndi khola lachitsulo lokhoma, khonde, denga lathyathyathya lokhala ndi kampanda, kapena khoma lofikika munthu ataima pamakwerero aafupi. Mamita owerengeka owonjezera a paipi ndi otchipa poyerekeza ndi kubwereka nsanja chaka chilichonse, ndipo ndikawafotokozera motero eni nyumba ambiri amavomera. Pamene palibiretu njira ina, ndimapempha kuti tiikiretu ngowe yokhazikika yomangirapo munthu, yoyezedwa ndi odziwa, kuti wobwera pambuyo pathu adzaipeze.

Pali mbali inanso imene imaiwalika, yomwe ndi zimene zimachitika chingwe chikagwira ntchito yake. Munthu wolendewera m'harness sanapulumuke ayi, chifukwa malamba a m'ntchafu amapanikiza mitsempha, magazi amadikha m'miyendo, ndipo akhoza kukomoka pakangopita mphindi zochepa, makamaka ngati wavulala ndipo sakutha kusuntha miyendo. Kuimba 112 pafoni ya m'manja kapena 10177 kuitana ambulansi n'koyenera, koma m'misewu yodzaza ya mzinda uno thandizo silingadaliridwe kuti lifika nthawi yomweyo, ndiye funso loti tidzamutsitsa bwanji liyenera kuyankhidwa munthu asanakwere. Pachifukwa chimenechi palibe amene amakwera ali yekha pagulu langa, ngakhale ntchitoyo ikhale ya mphindi khumi. Harness nayo imakalamba. Yogula kwa munthu pamsewu sudziwa zimene inakumana nazo, yosungidwa kumbuyo kwa bakkie padzuwa pamodzi ndi mafuta imafooka ulusi, ndipo imene inagwirapo munthu pogwa imadulidwa n'kutayidwa. Tisaiwalenso amene ali pansi: m'misewu ya ku Yeoville ndi ku Hillbrow m'mphepete mwa nyumba mumakhala amayi ogulitsa tomato ndi ana ochokera kusukulu, ndipo sipanala yogwa kuchokera pansanjika yachinayi ikhoza kuboola mutu. Timatchinga malowo ndi tepi, timapempha ogulitsawo mwaulemu kuti asunthe kwa kanthawi, ndipo zipangizo timazimanga ndi tizingwe kulamba.

Mwana wa mlongo wanga uja tsopano ali ndi satifiketi yake yogwirira ntchito pamwamba, ndipo ntchito zina amatsogolera yekha. Mwezi watha tinaitanidwa ku Turffontein kukakonza makina amene anakhomedwa pansi pa zenera la nsanjika yachiwiri, pamwamba pa denga la galaja la malata oonekera. Mwini nyumba anali pachangu chifukwa ankayembekezera alendo, ndipo anatilozera makwerero ake aatali kuti tiwaimike pamalatapo. Ndisanatsegule pakamwa, mnyamatayo anali atazungulira kale nyumbayo kawiri, n'kubwera kudzaima pafupi nane. "Amalume, m'chipindamo mulibe mzati, ndipo malatawa sangatinyamule," anatero. "Ndawauza bambowa kuti tibwera Lachinayi ndi nsanja, ndipo ngati avomera makinawa tiwatsitsire pakhoma la kumbuyo." Bambowo anadandaula, anati aitana anthu ena, ndipo tinapakira zipangizo zathu n'kubwerera opanda ndalama ya tsiku limenelo. Lachitatu madzulo anaimba foni kufunsa kuti nsanjayo ifika nthawi yanji.